Manda Osesedwa

Agogo Janeth ankayenda pambuyo pa alendo, maso ali pansi.

"Musaponde pachulu. Musakhale pamwala, pansi pake pali mwini wake. Iwe Wonder, auze anthu akowa."

"Amva, Gogo. Inu mukaopseza ndi agulugufe omwe," anatero mdzukulu wawoyo akuseka.

Wonder ndiye ankatsogolera alendo asanu ochokera ku Harare m'thengo la kuseri kwa pulazi, munda waukulu wa kufupi ndi Goromonzi. Mkulu wawo, Mayi Audrey, ankafuna kagulugufe kobiriwira kamene akuti sikaonekaoneka. Kakapezeka, iwo akalemba kalata yoti thengolo lisalimidwe. Kakapanda kupezeka, thirakitala ya mwini pulazi watsopano ilowa Lolemba.

M'thengomo munali manda a anthu a pakomboni, antchito a papulazipo. Munagona a Lazalo, amuna awo a agogo, ndi ana awo awiri. Agogo anakadandaulapo katatu kwa mwini pulaziyo, koma palibe anawayankha.

Anayenda mpaka dzuwa pamutu. Ankaona agulugufe oyera ndi achikasu okhaokha.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Wonder, koma kuseka kunali kutamuthera.

Mayi Audrey anatulutsa foni n'kuwaonetsa agogo chithunzi cha kachitsamba ka maluwa ofiirira.

"Gogo, mbozi zake zimadya aka kokha. Munakaonapo?"

Agogo anakadziwa: kankamera kumanda kuja. Manda salozedwa ndi chala, choncho anangotukula chibwano chakum'mawa. Atafika, anavula patapata, nagwada, naomba m'manja katatu kupempha njira.

Mitumbira inali mbee, yopalidwa bwino, mizere ya tsache ikuonekabe. Pambali panali mulu wa phulusa.

"Zitsamba zija zili kuti, Gogo?" anafunsa Wonder.

"Ndinalambula Lachitatu. Ndinazula ndi mizu yomwe, n'kutentha."

"Chifukwa chiyani osandiuza?"

"Ndimati woyendetsa thirakitala aone kuti pano pagona anthu. M'tchire muja akanawaona bwanji agogo ako?"

Mayi Audrey anatakasa phulusa ndi kamtengo. Kenaka anabweza foni m'thumba nauza anzawo kuti ayeseko kudambo.

Agogo sanawatsatire, ndipo sanawachenjeze za matope a kumeneko. Anakhala pansi pafupi ndi a Lazalo, miyendo tambalale. Misozi sinabwere. Pamtumbira panali katsamba kamodzi kamene mphepo inabweretsa. Anakatola, n'kusalaza dothi ndi chikhatho.