Zimene Ivy Analemba pa 3:52

Lachinayi pa 14 Malichi 2024, nthawi ili 3:58 masana, Ivy anazula pulagi ya seva, kompyuta yaikulu yosunga kaundula wa odwala.

Sanachite mwangozi. Kumwamba kunali kutada mbali ya Zambia, ndipo mphenzi yachiwiri inagwedeza mawindo a ofesi yolembera odwala. Kwawo ku Ludzi mphenzi ikayamba munthu amazula chilichonse: wailesi, TV, chaja cha foni. Mu 2016 bambo ake anachedwa kuzula, TV inapsa pamodzi ndi katani. Ivy anali atagwira ukalaliki pa chipatala chaching'ono cha mishoni chimenechi miyezi iwiri yokha. Anagwada kuseri kwa kabati napeza zingwe ziwiri, china chochokera pakhoma kulowa mu batire, china chochokera mu batire kulowa mu seva. Anazula zonse kuti makina a eni ake asapse.

Lachisanu pa 7:30 m'mawa anazibwezeretsa. Timagetsi ta seva tinayaka, koma kompyuta yake inakana kutsegula kaundula wa odwala. Anaizimitsa ndi kuiyatsanso kanayi.

Pa 7:50 Sisitala Caroline, namwino wamkulu, analowa ndi kapepala ka ku labu.

"Ivy, ndipezere mayi wa nambala iyi. Msanga."

"Makina sakutseguka, a Sisitala."

"Atsegule. Mwana wa milungu sikisi, magazi ake apezeka ndi HIV. Mayi ake anathawa mvula dzulo zotsatira zisanatuluke, amati mtsinje udzadza. Mwana wa msinkhu umenewu sitimusiya mwezi wopanda mankhwala. Ambiri safika nawo kutali."

Pa kapepalako panalibe dzina. Panali sitika yokha: nambala 0417, tsiku, ndi nthawi, 3:52. Kaundula wa papepala anasiya kumugwiritsa ntchito mu Januwale. Kabuku ka chipatala mayiyo anapita nako. Tsiku lobwerera linali la pakatha milungu inayi, ngati angabwere, pakuti amayi a kutsidya kwa malire amabwera akapeza mpata.

"Unamulemba ndiwe. Ndi wa mudzi uti?"

Ivy anayesa kukumbukira. Lachinayi analemba anthu 61. Ankakumbukira chitenje chachikasu ndi mwana wovala kachipewa koluka. Mudzi ayi. Dzina ayi.

A Lovemore, katswiri wa makompyuta wa ku boma, anafika pa njinga yamoto pa 10:15, matope mpaka m'mawondo. Pakhonde panali anthu oposa 70 odikira.

"Wodwala wanga ali kuti? Ndamva wakomoka," anatero akuvula chipewa. "Achemwali, mwamudyetsa chiyani?"

Ivy sanaseke. A Lovemore analumikiza laputopu yawo ku seva nawerenga mizere yoyera imene inkatsika pa sikirini yakuda. Anaima pa mzere umodzi nauloza ndi kiyi wa njinga.

"Logi yawonongeka. Mukudziwa logi? Mukasunga dzina la munthu, seva siliika m'nkhokwe yake nthawi yomweyo. Imayamba yalemba mwachangu mu fayilo ina, logi, kenako n'kumasamutsa pang'onopang'ono. Ikazima ili mkati molemba, tsamba lomaliza limang'ambika. Ikadzuka imawerenga logi, ikafika pong'ambikapo imakana kupitirira. Magetsi anathima?"

"Kunali mphenzi," anatero Ivy.

"Batire iyi imayenera kuigwira maminitsi makumi awiri, n'kuizimitsa bwinobwino. Ndiye kuti yafa. Ndilemba lipoti, azungu athu agule ina." Anayasamula. "Musadandaule, ndi matenda a mvula. Sabata yatha ndachiza awiri."

"Muchiza bwanji?"

"Tifufuta logi, iyo ipanga yatsopano. Maminitsi asanu anthu anu ayamba kulandira mankhwala."

"Nanga zimene zili mu logimo?"

"Zimene zinali zisanasamutsidwe zipita. Za maminitsi khumi kapena khumi ndi asanu omaliza. Mungozilowetsanso."

"Bakapu ilipo?"

"Seva imakopera yokha kaundula yense faifi koloko madzulo. Dzulo faifi koloko seva inali chikomokere. Yomaliza ndi ya Lachitatu."

Ivy anawerengera. Kuchokera 3:52 kufika 3:58 ndi maminitsi sikisi. Panja mwana wina ankalira, ndipo bambo wina anagogoda pa windo nafunsa ngati agone pomwepo. A Lovemore analemba mzere waufupi pa sikirini. Chala chawo chinakwera pamwamba pa batani lalikulu.

Ivy anawagwira padzanja.

"Achemwali, n'chiyani?"

"Musadine. Batire ilibe vuto. Ndinazula ndine."

"Munazula chiyani?"

"Zingwe zonse ziwiri. Ndimaopa mphenzi."

A Lovemore anamuyang'ana, nayang'ana kabati, namuyang'ananso.

"Mwazula seva ngati wailesi ya agogo?"

"Eee."

"Mayo ine. Anakuphunzitsani ndani ntchito?"

"Palibe anandiuza za zingwe." Anatenga kapepala ka ku labu nakaika pa laputopu. "Ndichotsedwe ntchito, palibe kanthu. Koma mayi uyu ndinamulemba pa 3:52. Kulibe kwina kumene alembedwa."

Sisitala Caroline anali ataima pakhomo, ndipo anamva zonse. Sanamudzudzule Ivy. Anafotokozera a Lovemore za mwanayo m'mawu ochepa.

A Lovemore anachotsa dzanja pa laputopu naliika pa ntchafu. Kenako ndi chala chimodzi anafufuta mzere uja, chilembo chimodzichimodzi, mpaka unatha.

"Munazula nthawi yanji? Ndikufuna yeniyeni."

"3:58. Wotchi ili pamwamba pa kabati."

"Aliyense asakhudze chilichonse muno. A Sisitala, anthu anu alembeni papepala lero."

A Lovemore anayamba akopera logi yowonongekayo mu laputopu, kenako mu fulashi. Zinatenga maminitsi khumi ndi limodzi, ndipo nthabwala zinali zitatha. Pa 11:02 anayesa kudzutsa seva mokakamiza, kuti ilumphe tsamba long'ambika. Inadzuka. Munthu womaliza m'nkhokwe anali wa 3:44. Nambala 0417 munalibe.

"Ndiye kuti watayika?" anafunsa Ivy.

"Ndiye kuti ali mu logi, ngati sali pong'ambikapo. Seva yakana kuiwerenga. Tiiwerenga ndi maso."

Anatsegula kope la mu laputopu. Sikirini inadzaza timadontho, timabokosi ndi zilembo zopanda tanthauzo. Apo ndi apo pankaoneka mawu a munthu: theka la dzina, dzina la mankhwala, tsiku. Anafufuza 0417. Laputopu inaganiza kwa masekondi angapo.

Inaipeza kamodzi. Pambali pake panali nambala ina yaitali, ya wodwala. A Lovemore anaikopera papepala, naiwerenga kawiri mokweza, naifufuza. Malo oyamba panali zinyalala zokhazokha. Achiwiri chimodzimodzi. Malo achitatu panatuluka mawu.

"Anasi," anawerenga Ivy. "Anasi Tembo. Ndi yemweyo! Wa chitenje chachikasu."

"Ma Tembo kutsidyaku ndi ochuluka ngati chimanga," anatero Sisitala. "Foni?"

Nambala ya foni inali ya ku Zambia, ndipo inathera pa manambala seveni. Atatu omaliza anali timabokosi. Pamalo pa dzina la mudzi panali timabokosi tokhatokha, mizere iwiri yathunthu.

Ivy anakhala pansi, pa simenti.

"Dikirani," anatero a Lovemore. "Fomu yanu ili ndi malo olembapo njira?"

"Ilipo. Kumapeto."

"Mumalembamo, kapena mumalumpha ngati anzanu?"

"Ndimalemba."

Anatsitsa sikirini mzere umodziumodzi. Timabokosi, timadontho, timabokosi. Kenako, m'zilembo zazing'ono zimene Ivy amalemba akamafulumira:

kuwoloka mtsinje pa mlatho wa mitengo, kudutsa chigayo cha dizilo, tchalitchi chosamata, nyumba yachitatu kumanzere ili ndi shedi ya fodya

"Chigayo cha dizilo ndikuchidziwa," anatero Sisitala. "Ndi ola limodzi. Ndituma a Timoteyo pa njinga ya chipatala pompano." A Timoteyo anali mlangizi wa zaumoyo amene amalondola odwala m'midzi. Sisitala anali atatembenuka kale.

"Pali mzere wina," anatero a Lovemore. "Wang'ambika pakati."

Ivy anadzuka nagwira tebulo. Anawerenga pang'onopang'ono.

asabwere a yunifomu kapena njinga ya chipatala. bambo sakudziwa. anati akadz

Panathera pamenepo. Pansi pake panali timadontho mpaka kumapeto kwa fayilo.

Apa Ivy anakumbukira. Mayiyo anawerama pa windo nanena motsitsa, maso ali kwa anthu a pamzere. Mawu otere, a amayi obisira amuna awo za matendawa, Ivy amawalemba kangapo pa sabata. Zimene ananena pambuyo pa "akadziwa" sanathe kuzikumbukira, ngakhale anatseka maso.



"Lembani zonse papepala, monga zilili," anatero Sisitala. "Ivy, uli ndi chitenje?"

"Chili m'chikwama."

"Bweretsa. Ndi mpango womwe."

Sisitala anavula kachipewa koyera ndi wotchi ya pachifuwa naziika mu dirowa. Anamanga chitenje pamwamba pa diresi, navala juzi la a Lovemore la matope kuti kolala isaoneke. Botolo la mankhwala a mwana analikulunga mu jumbo ya shuga.

"Mukanena kuti ndinu ndani?" anafunsa a Lovemore.

"Wogula nkhuku. Ndikamuitanira kuseri." Anayang'ana Ivy. "Za zingwe tikamba Lolemba. Nkhope yake ukuikumbukira?"

"Ndikuikumbukira."

"Ine sindinamuone. Vula baji, tiye."

Pa 11:41 awiriwo anatulukira khomo la kumbuyo, kupewa anthu a pakhonde, napita kumsewu kukafuna kabaza ziwiri.