Kabawuti ka Kuchidendene

Makaniko anafika kudamu mtima uli m'mwamba. Mwana wake wamkazi amachita masewera otsetsereka pamadzi. Amaponda pathabwa limodzi, boti n'kumamukoka ndi chingwe, iye n'kumakhotakhota kuzungulira mipira sikisi yoyandama. Chaka chatha anathyoka kakolo pamasewera omwewa. Anakhala miyezi iwiri ndi chikhakha, ndipo adokotala ananena mosabisa kuti akathyokanso pomwepo, basi, zamadzi aiwale.

Lero unali mpikisano wake woyamba chichirireni, ndipo mlungu wonse nkhani panyumba inali ya nsapato yomangirira pathabwa. Zinalipo ziwiri. Ina ya labala, yofewa, yolowetsa phazi ndi sopo. Ukagwa phazi limavuka lokha, koma pokhota kakolo amasewera. Ina ya pulasitiki, yolimba ngati chisoti cha njinga yamoto, yogwira kakolo nganganga. Imeneyo phazi silivuka ayi. Ukagwa, nsapato yonse imamasuka pathabwa, poti kuchidendene kuli kasipuling'i ndi kabawuti kake.

Dzulo poyeserera, yolimbayo inamasuka pa mpira wachitatu mtsikana asanagwe n'komwe. Anatuluka m'madzi akulira ndi ukali. Bambo ake anatenga thabwalo kupita nalo kugalaja, akuti akalipukute. Ataliika pabenchi, maso anagwera pakabawuti kaja. Munthu wamanga mateyala zaka makumi atatu, kwa iye chinthu chomasuka chokha ndiye kuti chawonongeka. Anatenga sipanala yaing'ono n'kukapotokola kawiri ndi theka. Sanauze munthu.

Tsopano anali kungoyendayenda pamatabwa pokocheza boti. Akhale pansi, adzuke. Apite kugalimoto, abwerenso opanda kanthu. Sipanala ija inali m'thumba la ovolosi, chala chikungoyisisita.

Mlamu wake, yemwe amayendetsa boti, anamuyang'ana n'kuseka. "Alamu, mwatani kodi? Mukuzungulira ngati mwataya makiyi a kasitomala."

"Palibe. Mphepo iyi sikundisangalatsa."

"Mphepo yake iti? Madzi ali phee ngati m'beseni."

Mtsikana anali atakhala m'mphepete mwa matabwa, miyendo ili m'madzi. Yolimba ija inali pathabwa, ya labala ili pambali pamodzi ndi botolo la sopo. Anagwira iyi, anagwira iyo, kenako anakankhira botolo kutali.

"Ndivala yolimba," anatero. "Ikafuna kumasuka msanga imasuke, ndiluze. Bola mwendo wanga."

Mawuwo anamulasa makaniko pamtima. Anakanda m'mutu.

"Mayi, bwanji ya labala? Zomangira ndili nazo, mphindi zisanu ndasintha."

"Inu Ababa! Mlungu wonse mumati ya labala ndi ya anthu osamba kubafa. Lero mwatembenuka?"

"Munthu amaganiza."

"Aganiza mochedwa awa," anatero mlamu uja. "Galimoto yanga anaiganizira miyezi itatu."

Mtsikana anaseka, koma bambo ake sanaseke. Anapita kumapeto kwa matabwa n'kuyang'ana mipira ija. Mwina sagwa, anadziuza choncho. Akapanda kugwa, palibe adzadziwe, ndipo nsapato siimuchititsanso manyazi pa mpira wachitatu. Nanga akagwa? Anakumbukira chaka chatha, mmene anamunyamulira kuchoka m'boti phazi litayang'ana kumbali.

Woitana mayina anakuwa pachimkuzamawu kuti wotsatira akonzeke. Mtsikana analowetsa phazi, anakoka malamba, anavala jekete yoyandamitsa. Amalume ake analiza injini n'kumuponyera chogwirira cha chingwe.

"Dikirani!"

Mawu anatuluka okha, aakulu, mpaka anthu apagombe anacheuka.

"Ababa, nthawi yanga ikutha."

"Ndinamanga kabawuti kaja."

"Kati?"

"Ka kuchidendene. Dzulo, kugalaja. Ndinaona ngati kalekera."

Mlamu anazimitsa injini. Sanaseke ulendo uno. Analumphira pamatabwa, anaponda kumbuyo kwa thabwa ndi mapazi onse awiri n'kuuza mtsikana kuti aimirire.

"Gwira mapewa a bambo ako. Dziponye kutsogolo ngati ukugwa."

Anadziponya. Nsapato ili nji. Anadziponyanso mwamphamvu, mpaka makaniko anadzandira. Osamasuka. Mtsikana anangoyang'ana bambo ake, nkhope zili pafupi.

"Alamu," anatero woyendetsa boti motsitsa, "ili si teyala la lole. Ichi anachipanga kuti chizimasuka. Ntchito yake ndi yomweyo."

"Ndimafuna asaluze."

"Munapotokola kangati?" anafunsa mtsikana.

"Kawiri ndi theka."

"Mukutsimikiza?"

"Zimenezo sindiiwala, mayi."

Anagwada, anatulutsa sipanala. Anayamba kumasula kabawuti kaja. Kamodzi. Kawiri. Theka. Mtsikana anadziponyanso, ndipo nsapato inati khwa, iye n'kugwera pachifuwa cha bambo ake. Anaibwezera pathabwa yekha, osalola kuti amuthandize, n'kutsikira m'madzi.

Boti linanyamuka. Makaniko anathamanga m'mbali mwa gombe ngati angalipeze. Mpira woyamba, madzi anaima ngati khoma kumbuyo kwa mwana wake. Wachiwiri. Pa wachitatu anatsinzina, atatsegula maso anapeza adakali chiimire. Wachinayi. Pa wachisanu nsonga ya thabwa inamira, mtsikana anaponyedwa kutsogolo chamutu, thabwa linauluka lokha kupita kwina.

Madzi anatseka. Makaniko analowa m'madzi mpaka m'mawondo, nsapato zantchito zili kuphazi.

Kenako mutu unatumphuka. Mtsikana anamenya madzi ndi chikhatho, kukwiya kuti wagwa kutatsala mpira umodzi wokha. Anayamba kusambira kulondola thabwa lake. Bambo ake sanayang'ane nkhope, anayang'ana kumbuyo. Miyendo yonse iwiri inali kupalasa.

Atakwera pamatabwa anayenda yekha, go, go, go, nsapato yolimba idakali kuphazi. Anaima pamaso pa bambo ake akudontha madzi, n'kutambasula dzanja.

"Sipanala ija, Ababa."

Makaniko anaitulutsa n'kupereka. Mtsikana anaiponya m'chikwama chake n'kutseka zipi.

"Mpikisano wina uli mwezi wamawa. Mudzabwere, koma thabwa lizigona kuchipinda kwanga."

Makaniko anagwedeza mutu. Anapisa m'thumba, munalibe choti agwire, ndiye anatola botolo la sopo lija n'kumangolitembenuza.