Nyama ya Maliro mu Firiji

Wezi anatsika basi pa Mzimba atakumbatira kabokosi ka ayezi ngati mwana wodwala. M'katimo munali tizidutswa ta silikoni, tating'ono ngati chikhadabo. Awa ndi masensa amene asayansi amaika m'makina akuluakulu a ku Ulaya, owombanitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Cheza choopsa cha m'makinamo chimawononga masensawo, ndipo ntchito ya Wezi inali kupeza mtundu wopirira.

Anzake a ku Ulaya anawotcha tizidutswato dala ndi cheza kwa miyezi yambirimbiri, n'kumupatsa kuti akayeze kuwonongeka kwake mu labu yake yatsopano ku Mzuzu. Akakhoza, labuyo ilowa m'gulu lawo. Lamulo linali limodzi: tisafunde. Tikangofunda, zilonda za m'kati mwa silikoni zimasintha, zina kupola, zina kukula, ndiye woyeza amangoyeza bodza.

Koma imfa nayo, inu! Foni inamupeza ali m'basi yochokera ku Lilongwe: bambo ake amwalira ku Edingeni. Kumudziko magetsi kulibe, choncho anathamangira kugolosale ya mchimwene wake Goodluck, paboma pa Mzimba pomwepo, n'kuika bokosilo pansi penipeni pa firiji.

"Alamu, ndapota," anauza Fyness, mkazi wa Goodluck. "Ichi chisatuluke, zivute zitani."

"Musadandaule, alamu. Ndi mankhwala?"

"Ndi ntchito yanga."

Malemuwo anali Mngoni wa khola lake, ndipo pa maliro pawo ng'ombe zinagwa. Poopa kutentha kwa Okutobala, nyama yotsala inatumizidwa kuboma pa pikapu, kuti ikadikire tsiku lometa. Wezi anaiona pikapuyo ikunyamuka. Anaiona ndi maso ake! Koma mutu unali utazunguzika ndi chisoni, sanaganize kanthu.

Anthu atameta, anabwerera kugolosale kuja n'kutsegula firiji. Munali nkhuku, mafiriziz a ana asukulu, ndi mwendo wa ng'ombe umene unatsala. Anavundukula zonsezo mpaka zala kuchita dzanzi.

"Alamu, bokosi lija?"

"Lilipo, lili bwino chomene!" anatero Fyness, nkhope ili ngwee. "Nyama siinkakwana mufirijimu. Ndinatsegula kuti ndione ngati muli chowola, n'kupeza timagalasi tokhatokha. Mbwenu ndinati, galasi limawola? Bola pouma, chinyezi chingatiwononge. Ndinaliika pamwamba, ana asalifikire."

Anakwera pa kireti, n'kulitsitsa kuchokera pamwamba pa khoma, kunsi kwenikweni kwa malata. Wezi atalilandira, linali lofunda ngati buledi wongophula kumene.

Anangokhala pa thumba la shuga. Ankafuna kukuwa, kutukwana, kuswa kanthu. Koma atukwane ndani? Mayi amene anaphikira anamalira mpaka manja kutuluka matuza? Mlandu unali wake yemwe, wophunzira zonsezo koma wolephera kufotokozera mlamu wake mawu awiri omveka. Anakumbukira mzungu wina wa m'gulu lija, amene anakana poyera kuti tizidutswato tipite kudziko la magetsi othimathima. Wezi anamuyankha modzikhulupirira tsiku limenelo, mpaka enawo anaombera m'manja. Kuwotcha tina kumafuna zaka zodikira pamzere, ndipo ngakhale tikadzapezeka, ndani angadzamupatsenso? Ophunzira ake ku Mzuzu anali atasesa kale labu, akumudikira.

Fyness anayandikira mlamu wake. Anagwada, n'kutsegula bokosilo mosamala kuti amukhazike mtima pansi.

"Onani nokha, alamu. Palibe kosweka olo kamodzi. Ndinatipukutanso ndi nsalu."

Zoonadi, tinkanyezimira, tonse tamphumphu, tokongola kuposa tsiku limene anatilandira.

"Yewo, alamu," anatero Wezi, ndipo misozi imene inakana kutuluka kumanda inayamba kutsika.

Fyness anamukumbatira, nayenso n'kuyamba kusisima.

"Lirani, alamu, lirani. Anali bambo wa tonse."