Bango Limene Linayeza Uchizi

Mwera wa sabata yatha ndi umene unathyola mlongoti wa boti lathu. Unasweka cha m'munsi, pamene panali pofumbwa kale, moti amuna anga, a Mzomera, anabwerera kumtunda chopalasa. Anaitana Che Sadick, fundi wa maboti, kuti adule pofumbwapo ndi kulumikiza mtengo wina. Ntchito ikatha tinayenera kukwera tonse, ife awiri ndi mwana, kupita kwa apongozi ku Dwambazi.

M'mawa ndinawapititsira tiyi kudoko. Nyanja inali zii, yopanda ndi funde lomwe. Uchizi, mwana wathu wa zaka ziwiri, anasewera ndi zingwe mpaka anagona pathanga loyera limene analiyala pamchenga, mumthunzi wa boti. Anagona chagada, manja ali m'mbali. Sindinakonde kagonedwe kameneko, koma ndinati ndimusiye.

"Tepi ndaiwala kunyumba," anatero Che Sadick akupisa m'matumba.

"Fundi wopanda tepi! Mawa mudzaiwala sowo," anaseka amuna anga. Anayang'ana poswekapo, kenako mwana. "Si apa, kutalika kwake n'chimodzimodzi ndi mayi wagonayu."

Ndisanatule thireyi, iwo anali atazula bango. Analigoneka pambali pa Uchizi, kuyambira kumutu, n'kulithyola pa zidendene. Thyo! Analiika pamlongoti. Linakwana ndendende.

"Bambo a Uchizi! Mwana wamoyo mumamuyeza ndi bango?"

Kwathu bango limayeza munthu kamodzi kokha, atagona chonchi, ndipo amalitenga ndi adzukulu popita kukakumba manda.

"Iwenso Dyness, sukulu yonse ija unakaphunzira mantha? Ndi bango chabe ili."

Che Sadick sanaseke. Iwowa amasambitsanso maliro kumzikiti. Analandira bangolo ndi zala ziwiri, ngati likutentha. Nthawi yomweyo kamphepo kanadutsa, sindikudziwa kochokera, kanatukula m'mphepete mwa thanga n'kumufunditsa Uchizi mpaka kumaso. Ndinathamanga n'kumuvundukula. Ankapuma. Ndinayika khutu pachifuwa pake kawiri konse.

Fundi anagoneka bango pamtengo watsopano wa bulugamu, koma sowo anaiika patsogolo pang'ono, kupitirira ndi zala zinayi.

"Mwalakwitsa, Che Sadick."

"Sindinalakwitse, achimwene. Mwana amakula. Tidulakonso pang'ono kumlongotiko, zikwana." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, bangoli kalitentheni nokha. Lisagwere m'madzi."

Ndinabereka mwana n'kupita kuseri kwa thandala loyanikapo usipa, pamene amayi anzanga anasiya moto. Bango laliwisi silifuna kupsa. Linkalira, likutuluka thovu kumapeto, ndipo ndinakhala pomwepo mpaka lonse linasanduka phulusa. Mtima unakhalako pansi.

Nditabwerera, Che Sadick anali atapita kukaswali. Amuna anga ndi anzawo awiri anali atamanga kale mabawuti, polumikiza atakulungapo malegeni. Anadzutsa mlongoti, wina akukoka chingwe cha kutsogolo, wina cha m'mbali, mpaka unaima chilili. Thanga linakwera bwinobwino.

"Waona? Katenge chikwama, tizipita mphepo isanatembenuke."

Ndinamutsitsa Uchizi kuti ndikonze chitenje. Anatola kanthu mumchenga n'kuyamba kukaluma. Nditamulanda, ndinapeza kuti n'kachidutswa ka bulugamu, kongodulidwa kumene, konunkhira utomoni. Ndinakaika pachikhatho. Zala zinayi.

"Ichi n'chiyani?"

"Aa, mtengo unatalika. Ndikanadikira fundi mpaka liti? Ndangochotsako kamene anawonjezera kaja."

Ndinayang'ana mtengo watsopano uja m'munsi mwa mlongoti, woyera pakati pa matabwa akuda, womangidwa kumutu ndi kumiyendo.

"Ife sitikwera," ndinatero. "Tibwera pa minibasi."

Anakalipa, anandinyoza pamaso pa anzawo, ati ndikuwachititsa manyazi. Ndinabereka mwana n'kumanga chitenje mfundo ziwiri, mpaka anadandaula kuti chikumuthina. Mapeto ake amuna anga anakankha boti okha.

Tinaima pamchenga likuchoka. Ndinamva kadzanja kakutuluka m'chitenje kumbuyo kwanga.

"Tsazika adadi," ndinamuuza.

Koma sankabayibitsa. Ankaloza m'munsi mwa mlongoti.

"Amama, onani," anatero. "Uchizi uyo. Akupita."

Ndinamugwira mwendo, unali wofunda. Sindinausiye mpaka tinafika kumsewu.