Thanki Yosamva Moto

Bambo atanena kuti chaka chikatha apereka makiyi a fakitale yathu ya sopo kwa mmodzi mwa ife, ine ndinaseka chamumtima. Ana tilipo awiri: ine, amene ndawotcherera mathanki apulasitiki pamenepo zaka khumi ndi zinayi, ndi mng'ono wanga amene tinkamutcha Wamapepala, wongochoka kumene kukoleji, manja ofewa ngati a khanda.

Ndiye kunafunika thanki yatsopano yosungiramo soda wophikira sopo. Bambo anatiitanira kuseri, pafupi ndi migolo.

"Tigule mtundu womwe uja, Bambo," ndinatero. "Ikang'aluka ndimaisungunula ndi mpweya wotentha n'kumata, nkhani yatha."

"Zonse ndi pulasitiki ya poliyethilini, achimwene, koma zimasiyana mkati," anayankha Wamapepala. "Yanuyo ulusi wake unangogona mondondozana, n'chifukwa chake imasungunuka, komanso mng'alu ukayamba umathamanga. Inayo ulusi wake ndi womangana ngati ukonde, sing'aluka wamba. Kungoti iyoyo siwotchereka."

Bambo anagwedeza mutu kwinaku akumwetulira. Aa! Zaka zonsezi ine sanandigwedezerepo mutu choncho. Nsanje inandigwira, sindibisa ayi.

Anagula ya Wamapepala. M'mawa uliwonse ndinkaizungulira, kusakasaka ngakhale kadontho kamodzi. Pansi gwa, pouma. Chikhalirecho zanga zakale ziwiri zija ndinali nditazimata katatu m'miyezi inayi.

Tsiku lina tinaikhuthula yatsopano ija kuti tiikepo paipi yachiwiri. Wamapepala anati tidikire cholumikizira cha mabawuti chomwe chimafika Lachisanu, kenako anatuluka ndi Bambo kukaona kasitomala. Ine ndinati zamkutu! Pulasitiki yosamva moto inaoneka kuti? Ndinaboola, n'kuyatsa makina anga owotcherera, kuti pobwera apeze paipi itamatidwa kale, Bambo aone kuti manja amaposa pepala.

Mayo ine! Sinasungunuke. Inangofewa pang'ono, n'kuda, n'kuyamba kununkha. Ndinawonjezera moto. Bowo linakula mpaka chibakera kulowa, m'mbali monse mutapserera, moti cholumikizira chija sichikanakwananso.

Anandipeza ndili chiimire, makina akadali otentha m'manja.

"Nzeru zimenezi n'za ndani?" anafunsa Bambo.

Ndinaika makina aja pansi.

"Ndine, Bambo," anatero Wamapepala. "Ndinawauza achimwene kuti ayese. Iwo amakana, ine ndinakakamira."

Bambo anamukalipira pamaso pa antchito onse. "Sukulu yako ndi imeneyi? Iwe wemwe unati siwotchereka!" Iye anangoweramitsa mutu. Ine ndinali pomwepo, koma sindinatsutse.

Chaka chitatha, Bambo anaika makiyi m'dzanja langa. "Uyu ndiye sapupuluma," anauza antchito. Onse anawomba m'manja, Wamapepala kuposa wina aliyense.

Anthu atabalalika ndinamupeza mu ofesi akulongedza mabuku ake m'katoni.

"Iwe, unanamiranji tsiku lija?"

"Inu muli ndi ana atatu, achimwene, ndipo moyo wanu wonse uli pano. Ine ndi mapepala angawa ntchito ndikaipeza kwina."

Ananyamula katoni ija n'kuima pakhomo, ngati akudikira kuti ndinene kanthu. Ndinafunadi kunena zikomo, koma mawu anakana kutuluka. Chomwe chimandiwawa panthawiyo n'chakuti nzeru anatenga ndi iye, ndiye ngakhale mtima wabwinowo anatenganso ndi iye yemweyo.