Mzere Umene Mkamwini Anadumpha

Mkamwini anawalakwira a Lumo chaka chatha, mvula itangoyamba, m'chipinda chawo chometeramo anthu. Anawalakwira ndi chala chimodzi.

A Lumo anali ometa tsitsi. Dzinalo anawapatsa ndi makasitomala, osati chifukwa cha lumo la m'manja koma la pakamwa. Ena ankabwera tsitsi lisanakule n'komwe, kuti adzangomva mkuluyo akunyoza mpira, andale ndi ana a masiku ano. Pakona, kuseri kwa chitseko, mkamwini wawo anaikapo tebulo lokonzerapo mafoni. A Lumo sanafune, koma mwana wawo wamkazi anachita kuwagwira mwendo. Makasitomala a mkamwiniyo anali omwewo odikira kumetedwa. A Lumo akatseka, nayenso ndiye kuti watseka.

Ndiye mawu a mkuluyo anasasa. Poyamba anati n'chimfine. Chimfine chinatha, mawu osabwerera. Akameza malovu zinkakhala ngati pakhosi paima kamunga ka nsomba. Mtima sunakhale m'malo. Amete pang'ono, aime, akhosomole, ayasamule pagalasi, asaone kanthu, ayambirenso.

"Mawa nditseka," anatero tsiku lina. "Ndikaonane ndi adokotala."

"Mutseke, bambo?" anafunsa mkamwini. "Pamzere wa kuchipatala paja mukamera ndevu. Dokotala ali m'thumba muno."

Anatulutsa foni.

"Chinthu chimandinamiza kuti ndawina galimoto chija?"

"Izo n'zina. Takhalani pansi."

A Lumo sanakhale. Anaima kumbuyo kwake, chipeso chili m'manja. Sukulu anaisiyira panjira. Zilembo ankazidziwa, koma Chizungu cha pafonipo chinkawadutsa patali. Anangoona zithunzi za makhosi ofiira, oyasamula.

"Awa akuti ndi asidi wa m'mimba," anawerenga mkamwini. "Awa akuti fumbi. Awa, ayi, awa ndi amisala. Eya, nazi apa. Akuti mawu angotopa. Uchi, mandimu, madzi ofunda a mchere. Onani nyenyezi zonsezi, anthu achira ambirimbiri."

"Mawu atopa?" anaseka dalaivala wina amene anali pampando, mutu utametedwa mbali imodzi. "Ndiye foniyo ikukudziwani bwino, a Lumo."

Onse anaseka. A Lumo sanaseke. Wometa amayang'ana manja a munthu, ndipo iwo maso anali pachala cha mkamwini. Pansi pa chithunzi cha botolo la uchi panali timalemba ting'onoting'ono. Mkamwini anatiyang'ana, milomo yake inagwedera ngati akuwerenga, kenako chala chinakankha msangamsanga.

"Mwadumphapo apo, akamwini."

"N'zotsatsa malonda, bambo."

"Tabwererani."

"Netiweki yathawa."

A Lumo sanatseke. Anamwa uchi mpaka nyerere zinadziwa njira ya kushelefu ya makina ometera. Anachukucha madzi a mchere m'mawa ndi masana, akulavulira mungalande ya kuseri. Mvula inatha, kunazizira, kunayamba kutentha. Mawu anasanduka manong'onong'o. Akafunsa za timalemba tija, mkamwini ankapezeka kuti watanganidwa ndi foni ya munthu. Akati apite kuchipatala, ankamva kwa mkamwini kuti tsamba lina la pa intaneti lanena kuti uchi umachedwa kugwira mwa anthu akuluakulu.

Tsiku limene mpweya unayamba kulira ngati mluzu pakhosi pawo, mwana wawo wamkazi anabwera, n'kutseka chitseko yekha, n'kuwakokera kuchipatala. Dokotala analowetsa kapaipi kokhala ndi kamera m'mphuno mwawo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Munali kuti nthawi yonseyi, bambo?"

Inali khansa, ndipo inali itakula. Anati kholingo lonse liyenera kuchotsedwa.

Ali pabenchi ya panja, a Lumo anamukoka dzanja mwana wawo, n'kumunong'oneza kuti afufuze tsamba la botolo la uchi lija. Anafufuza, analipeza. Iwo analoza timalemba ta pansi tija ndi chikhadabo, mwanayo n'kuwerenga.

"Akuti, ngati mawu asasa kwa masabata angapo osasintha, kaonaneni ndi dokotala msanga."

Mwanayo anatsitsa foni.

"Mwina sanaone, ababa."

"Anaona."

Pano a Lumo anabwerera pantchito. Pakhosi amamangapo kansalu kophimba kabowo kamene amapumira. Amameta bwino ngati kale, koma m'chipindamo mumangomveka makina. Kasitomala akafunsa kuti chinachitika n'chiyani, amayankha ndi mkamwini, osadzutsa n'komwe mutu patebulo pake.

"Akuluakulu athuwa ndi makani. Ife kuwauza za chipatala, iwo kakaka pa uchi."

A Lumo amagogoda chipeso pagalasi. Kasitomala amaganiza kuti akumuuza aweramitse mutu, ndipo amaweramitsa.

Tebulo lija likadali pakona. Mkamwini sanapepese.