Ansembe Pamzere wa Nkhuku

Gensho ananama m'mawa wa pa 24 Disembala, ndipo ananama mosadziwa ntchito, monga amachitira munthu amene wayamba bodza atakula kale.

"Amayi, lero ndili ndi mapemphero ku Sendai," anatero maso ali m'mbale. "Banja lina likukumbukira agogo awo."

Apongozi ake, mayi Shizue, sanadzutse n'komwe mutu. "Banja lanji?"

"La a Sato."

"Ku Sendai ukaponya mwala umagenda Sato. Nanga Fumie ndi mwana avala bwino chonchi, nawonso akukalira?"

"Akukagula nsapato."

"Sitima yomweyo?"

"Zangochitika."

"Zimachitika," anatero mayiwo, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Gensho anali mkamwini pakachisi wa Chibuda wa m'mudzimo. Kale ankaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto. Apongozi ake aamuna, amene anali ansembe, atamwalira opanda mwana wamwamuna, iye anameta mpala, n'kupita kukaphunzira, n'kutenga dzina la banja la mkazi wake Fumie pamodzi ndi mkanjo wa malemuwo. Zaka zitatu zinatha akuyika maliro ndi kusesa chipale pamasitepe, koma akuluakulu a pakachisi anali asanamuvomerebe. Pa 5 Januwale ankayenera kudzakumana kuti agamule ngati amukhazike kapena aitanitse mdzukulu wa malemuwo wa ku Kyoto. Wapampando wawo, a Umezawa, mlimi wa zipatso wa nkhope yosaseka, anali atanena kale poyera kuti: "Mkamwiniyu mawu oimbira ali nawo, koma msana alibe."

Ndiye tangoganizani. Sabata yopukuta belu lalikulu kukonzekera chaka chatsopano, wansembe wa Chibuda akapezeka mumzinda akudya Khirisimasi, chotsala n'chiyani? Kubwerera kukakhala pambali pa ophunzira oopa buleki, basi.

Chinamupachika chinali kalata. Tsiku lina akutsegula bokosi la zopereka anapezamo kapepala kolembedwa ndi Kotone, mwana wake wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene anaganiza kuti m'menemo ndi momwe mumadzera makalata opita kumwamba. "A Santa, ndikudziwa kuti kwathu simubwera chifukwa mumaopa belu. Chidole musavutike nacho. Ndikungofuna kuona magetsi a m'mitengo ndi kudya nkhuku yokazinga ya m'kandowa ngati anzanga." Gensho anawerenga kawiri, misozi inalengeza. Sabata yomweyo anazemba n'kukalembetsa nkhuku kusitolo ina ya ku Sendai, poti pa Khirisimasi wosalembetseratu amangodya fungo.

M'sitima analowa m'chimbudzi ali wansembe, n'kutulukamo atavala jekete ya buluu ya nthawi ya galimoto ija, mkanjo ataupinda m'chikwama. Kukamwa anatseka ndi masiki, monga theka la anthu a m'sitimamo oopa chimfine. Fumie anamuyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo atafika kumutu anaphulika kuseka.

"Bambo a Kotone, mwabisa zonse kupatula chizindikiro chenichenicho. Mutuwo ukuwala mpaka ku Yamagata."

"Alipo ambiri adazi."

"Adazi amatsala ndi tina m'mbali. Inu mwangokhala ngati dzira."

Atangotsika, Fumie anagula chipewa chofiira cha kampira koyera kunsonga n'kumuveka. Kotone anaomba m'manja. "Ababa akhala Santa wodwala chimfine!"

"Usanditchule kuti ababa mokweza. Lero ndine amalume."

"Amalume, mundigulire keke!"

Mwana ameneyu nzeru anatengera kuchikazi.

Tsikulo linakoma, tisaname. Anadya keke ya sitiroberi ataimirira pakhomo pa sitolo. Kotone anatsetsereka pa ayezi n'kugwa kasanu, ulendo uliwonse akuseka. Gensho yekha ndiye ankayenda ngati mbava. Akaona mutu wa imvi ankatembenukira kuzenera n'kumayang'anitsitsa zilizonse zili m'menemo, mpaka anatha mphindi zingapo akusirira zovala zamkati za amayi, Fumie asanamukoke mkono. Pamene faifi koloko inakwana, mitengo yonse ya mumsewu wa Jozenji inayaka nthawi imodzi, khamu lonse n'kuti "Aaa!" Kotone anangoti kukamwa yasa, atagwira chala cha bambo ake mwamphamvu. Gensho anaiwala za akuluakulu ndi msonkhano wawo. Anasangalala, ndipo sanachite nazo manyazi.

Kenako anawasiya awiriwo pabenchi n'kupita kukaima pamzere wa nkhuku. Mzerewo unatuluka m'sitolo n'kukhota pakona. Ali m'kati mopuma bwino, anaona khosi la munthu amene anali patsogolo pake. Linali khosi lopsa ndi dzuwa, la makwinya atatu, khosi lomwe Gensho ankalidziwa bwino chifukwa mwini wake ankakonda kumufulatira.

Anali a Umezawa.

Anakokera chipewa mpaka m'maso. Kuthawa sakanatha, poti kumbuyo kunali amayi awiri ndi ngolo za ana, ndipo kapepala kake kotengera nkhuku kanali kolembedwa hafu pasiti faifi. Anangoima chilili, akupuma pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira, koma maphunzirowo sanathandize kanthu.

Atafika kutsogolo, mtsikana wogulitsa anawerama. "Kapepala kanu, agogo?"

"Kapepala kanji? Ndikufuna nkhuku. Kandowa kakang'ono."

"Pepani kwambiri, lero ndi za olembetseratu okha."

"Ine ndakhala ndikutenga nkhuku pano zaka makumi atatu!"

"Mwina ankakulembetserani wina?"

Gensho anadziwa yankho lake. Mayi Chiyoko, akazi awo a Umezawa, anamwalira mu Epulo, ndipo amene anaimba pamaliro awo anali iye mwini. Mkulu uja anavula chipewa, anachivalanso, kenako anapatuka n'kutuluka osayang'ana munthu.

Gensho anapereka kapepala kake osalankhula. Mtsikanayo anayang'ana pamakina ake.

"Eya, zidutswa khumi ndi ziwiri."

Gensho anaimika zala zisanu ndi zitatu.

"Poyamba zinalidi eyiti, bambo. Koma titaimba foni kuti titsimikize, anayankha mayi wina wachikulire. Anati tiwonjezere zinayi, zonse ntchafu, ndipo zipse bwino."

Apa m'pamene Gensho anakumbukira. Polembetsa paja, dzanja linalemba lokha nambala imene linazolowera, ya foni ya pakachisi, imene imakhala pafupi ndi mpando wa apongozi ake. Milungu itatu yonse mayiwo ankamuyang'ana akuvutika kupeka banja la a Sato! Anatenga kandowa kake thukuta lili kamukamu m'chipewamo, kunja kukugwa chipale.

Panja anawaona a Umezawa ataima pansi pa mtengo wa magetsi, manja ali m'matumba, akuyang'ana anthu odutsa ndi tindowa tawo. Sanamuzindikire. Njira yopita kubenchi inali kumanzere, yoyera bwinobwino. Gensho anaponda kawiri kulowera kumeneko, n'kuima. "Chitsiru iwe, pita," anadziuza. Miyendo sinamve.

Anabwerera m'sitolo, anapempha kabokosi, anaikamo ntchafu ziwiri. Nzeru yake inali yoti apereke osatulutsa mawu, poti mawu ake mudzi wonse unkawadziwa. Anafika, anawakhudza pamkono, n'kuwapatsa kabokosiko. A Umezawa anadabwa, anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu analandira n'kuwerama kwambiri.

Zonse zikanatha bwino pomwepo. Koma thupi lili ndi zizolowezi zake. Poona munthu akumuweramira, Gensho anapanikiza kandowa m'khwapa, anaphatikiza zikhatho pachifuwa monga amachitira ansembe, n'kuwerama mwakachetechete. Chipewa chija chinatsetsereka n'kugwera pansapato za a Umezawa. Mutu unawala pansi pa magetsi onse a mu Sendai.

A Umezawa anayang'ana chipewacho, kenako mutuwo.

"Ansembe," anatero a Umezawa.

"Wawa."

"Belu mwasiyira ndani?"

"Likudikira, bambo. Silithawa."

"Apongozi anu anandiuza m'mawa kuti muli ndi mapemphero kwa a Sato."

"A Sato ake... achira."

A Umezawa anayang'ana kandowa, anayang'ana jekete ya buluu, anayang'ana kubenchi komwe Kotone ankagwedeza manja akukuwa kuti, "Amalume! Amalume, fulumirani izizira!" Gensho anaona ntchito yake ikupita. Anayamba kukumbukira mmene amafotokozera ophunzira za magiya.

Koma mkuluyo sanakalipe. Anatsegula kabokosi, anasuzumiramo, n'kukatsekanso. Atalankhula, mawu anali otsika.

"Ine nkhuku imeneyi sindiikonda. Mafuta okhaokha. Ndi Chiyoko. Chaka chilichonse ankandituma, ine n'kumanamizira anthu kuti ndikukagula mankhwala opopera mitengo. Sindinkadziwa kuti pamafunika kapepala." Anakhosomola. "Ndimafuna ndikaike pakaguwa kake kunyumba, patsogolo pa chithunzi. Koma ndi nyama. Tandiuzani ngati wansembe, osati ngati Santa. Zimaloledwa?"

Gensho anadziwa yankho lomwe likanamupulumutsa. Munthu wamsana akanati ayi, ndipo mabuku akanamuikira kumbuyo.

"Mabuku akuti ayi. Malemu apongozi anga akanati ayi, n'kukuwonjezerani ulaliki wa ola lathunthu. Koma ine mayi Chiyoko ndinawadziwa. Miyezi isanu ndi itatu mwakhala mukuwapatsa mpunga ndi madzi. Mukapanda kuwapatsa ntchafuyi lero, adzakubwererani kutulo, ndipo musadzabwere kwa ine kuti ndikuthandizeni. Kaikeni. Ikadali yotentha ndi bwino."

A Umezawa anatulutsa mawu achilendo, osadziwika ngati ndi kuseka kapena kulira. Anapukuta mphuno ndi mpango nthawi yaitali ndithu.

"Wansembe wabodza," anatero. "Wa ku Kyoto uja akanandiwerengera tsamba ndi ndime."

"N'zoona."

"N'chifukwa chake sindikumufuna." Anawerama, anatola chipewa chija, anachikutumula chipale n'kumubwezera. "Pa 5 Januwale ine sindinakuoneni. Ndikati ndinakuonani, adzandifunsa kuti ineyo ndimatani pamzere wa nkhuku. Mawa teni koloko mubwere kunyumba mudzaimbire Chiyoko."

"Ndibwera."

"Ndi chipewacho. Malemuyo ankakonda kuseka anthu."

Pobwerera anakwera sitima imodzi, a Umezawa kutsogolo, iwo kumbuyo, aliyense akudziyesa mlendo kwa mnzake. Fungo la nkhuku linadzaza m'sitima monse. Kotone anafungatira kandowa ulendo wonse osalola munthu kukakhudza. Gensho analowanso m'chimbudzi n'kutulukamo ali wansembe, ngakhale sankadziwa kuti akunamizanso ndani.

Atafika kunyumba anapeza tebulo loyalidwa kale, mbale zinayi, mayi Shizue atakhala pamalo pawo, timitengo todyera tili m'manja.

"Takulandirani. A Sato ali bwanji?"

"Akupereka moni, amayi."

"Nsapato za mwana zili kuti?"

"Zinatha," anayankha Fumie.

"Zimachitika. Bweretsani kuno kandowako."

Anatsegula, n'kuyamba kusanthula ndi timitengo tawo mosafulumira. Kenako anadzutsa mutu, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Ndinati ntchafu zinayi. Pano ndikuona ziwiri. Mwadya m'njira?"

"Ayi, amayi. Ziwirizo zapita kwa mayi Chiyoko."

"Chiyoko uti?"

"Wa a Umezawa. Amuna awo sanalembetse. Akukaziika pakaguwa."

Mayi Shizue anaika timitengo tawo pansi. Iwo ndi Chiyoko anakulira limodzi, anakhala benchi imodzi kusukulu, ndipo pamaliro paja sanalire pagulu ngakhale pang'ono. Tsopano anatembenukira kukhoma, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mfiti ya mkazi," anatero. "Ali moyo ankandilanda ntchafu. Wamwalira, akundilandabe."

Anatenga ntchafu imodzi n'kuika m'mbale ya Kotone. Inayo anaiyang'ana kanthawi, kenako anaiika m'mbale ya Gensho.

"Idyani, ansembe. Mawa belu likukudikirani."

Zaka zitatu zonsezo mayiwo anali asanamutchulepo choncho.